Malaibulale a apulezidenti a America: ya a Lyndon Johnson ku Austin ndiyo yoyenera tikiti yanu

Mtsogoleri wa dziko la America akatsika pampando, makalata ake, zithunzi, mphatso zomwe analandira, ngakhalenso timapepala tomwe ankalembapo ali pamsonkhano, zimakasungidwa m'nyumba yomwe amaitcha laibulale ya pulezidenti. Musayembekeze kukabwerekako buku. Nyumba iliyonse ili ndi mbali ziwiri: myuziyamu yomwe mumalipira pakhomo, ndi chipinda cha ofufuza chomwe n'chaulere. Anayambitsa mwambowu ndi a Franklin Roosevelt, omwe anatsegula yawo ku Hyde Park m'chigawo cha New York mu 1941. Lamulo la 1955 linaukhazikitsa, ndipo kuyambira pa a Herbert Hoover kufika pa a George W. Bush pali nyumba 13 zomwazikana m'dziko lonselo. Zikalata zake zimayang'aniridwa ndi nthambi ya boma ya National Archives. Munthu amene ali ndi tsiku limodzi komanso ndalama ya tikiti imodzi apite ku ya a Lyndon Johnson mumzinda wa Austin ku Texas. Amene sangakwanitse ulendo asadandaule kwambiri, chifukwa chuma chenicheni cha nyumbayi chimamveka ndi pa foni ya m'manja.

Musanalipire kulikonse, dziwani amene anamanga nyumbayo. Boma silimanga. Ndalama zimasonkhedwa ndi bungwe la abwenzi, achibale ndi anthu olemera omwe ankamukonda pulezidentiyo, ndipo iwowo ndi amene amalemba mawu oyamba opachikidwa pamakoma. Zotsatira zake, mamyuziyamu ambiri amakhala ngati mbiri ya malemu yowerengedwa pamaliro: ana angati, anagwira kuti ntchito, anali okonda anthu, koma za ngongole ndi mikangano palibe atchulapo. Chitsanzo chodziwika ndi laibulale ya a Richard Nixon ku Yorba Linda. Inatsegulidwa mu 1990 ili m'manja mwa abwenzi awo, ndipo chipinda chofotokoza mlandu wa Watergate, womwe unawachititsa kutula pansi udindo, chinkanena nkhaniyo mokomera a Nixon. Boma litaitenga mu 2007, chipindacho chinagumulidwa, n'kutsegulidwa china mu 2011 chofotokoza zomwe zinachitikadi. Choncho muyeso wanga ndi umodzi: kodi nyumbayi imakulolani kuona pomwe mwini wake analakwa, ndi umboni womwe mungauyese nokha?

Pamuyeso umenewu a Johnson alibe mnzawo, ndipo chifukwa chake ndi matepi. Ali pampando kuyambira pa 22 Novembala 1963 mpaka Januwale 1969, ankajambula mwachinsinsi zokambirana zawo za pafoni. Zonse pamodzi zimakwana maola pafupifupi 643. Iwo ankafuna kuti zitsekeredwe zaka 50 kuchokera pa imfa yawo, koma mkulu wa laibulaleyi, a Harry Middleton, mogwirizana ndi akazi awo, mayi Lady Bird Johnson, anayamba kuzitulutsa mu 1993. M'zipinda zowonetsera muli mafoni oti munyamule, muike kukhutu, mumve pulezidenti akunyengerera, akuopseza, akudandaula. Palibe womasulira pakati panu ndi iye.

Zitatu musaziphonye. Yoyamba ndi ya pa 29 Novembala 1963, patangotha sabata pulezidenti John Kennedy ataphedwa. A Johnson akuimbira a Richard Russell, phungu wamkulu wa ku Georgia yemwe anawalera m'ndale, kuwauza kuti akhale nawo m'komiti yofufuza za imfayo. A Russell akukana chifukwa sagwirizana ndi wapampando wake, a Earl Warren. A Johnson akungowauza kuti dzina lawo lalengezedwa kale kwa atolankhani. Apa ndi pomwe mumamva mmene munthuyu ankagwirira ntchito: amatseka khomo lothawira kaye, kenaka n'kuyamba kukuyamikira. Yachiwiri ndi ya pa 15 Januwale 1965 ndi a Martin Luther King. A Johnson akuwalangiza kuti apeze chitsanzo choipitsitsa cha munthu wakuda wokanizidwa kulembetsa m'kaundula wa voti, achifalitse pawailesi, pakanema ndi m'maguwa a matchalitchi, kuti ngakhale mzungu wamba aone kuti si chilungamo. Yachitatu ndi yowawa. Pa 27 Meyi 1964 akulankhula ndi mlangizi wawo a McGeorge Bundy za Vietnam, ndipo akunena okha kuti sanagone, kuti zikuoneka ngati Korea ina, kuti sakuona kuti nkhondoyo n'njoyenera kuimenya komanso sakuona potulukira. Nthawi imeneyo asilikali a America kumeneko anali asanafike 25,000. Pofika 1968 anali oposa 500,000. Nyumba yomwe imakupatsani mawu amenewa m'khutu mwanu, a mwini wake, ikukulemekezani ngati munthu wamkulu.

Nyumbayo payokha si yokopa. Ndi chimwala chachikulu choyera cha nsanjika khumi, pafupifupi chopanda mawindo, chili m'mphepete mwa Yunivesite ya Texas pa msewu wa Red River. Inatsegulidwa pa 22 Meyi 1971, ndipo patsikulo a Johnson anati palibe cholakwa kapena chidzudzulo chomwe chasiyidwa kunja kwa mafayilo. Mukalowa n'kukwera masitepe akuluakulu mumafika muholo momwe mukakweza maso mumaona nsanjika zinayi za mabokosi ofiira kuseri kwa galasi. Si zokongoletsa chabe, ndi zikalata zenizeni, gawo la masamba 45 miliyoni omwe nyumbayi imasunga. Zowonetsera zili pansanjika yachitatu, yachinayi ndi yakhumi. Ambiri amathera mphamvu pansi n'kukwera pamwamba atatopa. Ndi bwino kuyamba ndi chikepe mpaka yakhumi, komwe kuli chifaniziro cha Oval Office, ofesi ya pulezidenti ku White House, chochepetsedwa pang'ono poyerekeza ndi ofesi yeniyeni, chokhala ndi makanema atatu omwe a Johnson ankaonerapo nkhani za nyumba zitatu zoulutsira mawu nthawi imodzi. Komweko kulinso ofesi ya mayi Lady Bird. Mukatero tsikani, muthere nthawi yaikulu pamafoni ndi pamalamulo.

Malamulowo ndiwo amandichititsa kuika a Johnson pamwamba pa apulezidenti omwe ndimawakonda, ngakhale anali munthu waukali, wonyoza antchito ake, ndiponso wosadalirika pa zomwe ankauza dziko za nkhondo. Pa 2 Julayi 1964 anasaina lamulo lothetsa tsankho m'mahotela, m'malo odyera ndi polemba anthu ntchito. Myuziyamu imafotokoza bwino chomwe chinali chovuta: aphungu a kumwera m'nyumba ya Senate ankalepheretsa bilu polankhula osaleka, ndipo kuti awatseke pakamwa pankafunika mavoti 67 mwa 100. Chipani cha a Johnson pachokha sichikanawapeza, chifukwa otsutsawo anali a chipani chomwecho. Anachita kukopa a Everett Dirksen, mtsogoleri wa chipani cha Republican, ndipo pa 10 Juni voti inatha 71 kwa 29. Chaka chotsatira, apolisi atamenya anthu oyenda mwamtendere pamlatho wa ku Selma pa 7 Malichi, kunabwera lamulo la ufulu wovota la pa 6 Ogasiti 1965, lomwe linaimitsa mayeso a kuwerenga omwe ankagwiritsidwa ntchito pokaniza anthu akuda, n'kutumiza akalembera a boma lalikulu kumaboma ovuta. Ku Mississippi anthu akuda olembetsa anali osakwana 7 mwa 100 aliwonse. Pofika 1967 anali pafupifupi 60. Onjezanipo Medicare ndi Medicaid, zothandiza okalamba ndi osauka kuchipatala, sukulu za mkaka za Head Start, kusankhidwa kwa a Thurgood Marshall mu 1967 kukhala woweruza wakuda woyamba m'khothi lalikulu, ndi lamulo la 1968 loletsa tsankho pogulitsa ndi kubwereketsa nyumba. Umphawi unatsika kuchoka pa anthu 19 mwa 100 mu 1964 kufika pafupifupi 12 mu 1969. Palinso lamulo lomwe limakhudza aliyense wa kwathu kuno amene ali ndi m'bale ku America: la pa 3 Okutobala 1965, lomwe linachotsa dongosolo logawa mwayi wosamukira m'dzikolo mokondera anthu a kumpoto ndi kumadzulo kwa Ulaya.

Chipinda chofotokoza ubwana wawo musachidutse mothamanga. Mu 1928 a Johnson anaphunzitsa ana osauka a mabanja ochokera ku Mexico m'tauni ya Cotulla, ndipo anawakumbukira anawo poyera polankhula kunyumba ya malamulo pa 15 Malichi 1965. Popanda Cotulla, malamulo aja amaoneka ngati machenjera a ndale basi.

Zofooka zilipo. Nkhani ya Vietnam ilipo ndithu, kuyambira chigamulo cha Gulf of Tonkin cha Ogasiti 1964, chomwe chinawapatsa mphamvu zokulitsa nkhondoyo, mpaka pa 31 Malichi 1968 pomwe analengeza kuti sadzaimanso pachisankho, koma imafotokozedwa kwambiri ngati mtolo womwe unalemera pulezidenti. Asilikali a America oposa 58,000 omwe anafa m'nkhondo yonseyo mumawamva. Anthu a ku Vietnam, omwe anafa ochuluka kwambiri kuposa pamenepo, mawu awo ndi ochepa. Kuti mumvetse bwino mbali imeneyi mudalire matepi kuposa zolembedwa pakhoma. Chidole chamagetsi chofanana ndi a Johnson, chomwe chimanena nthabwala zawo, ana amachikonda, koma sichiwonjezera kanthu. Vuto lina ndi la mafoni omwe aja: akafika ana a sukulu basi yathunthu, mumadikira pamzere ndipo phokoso limakulepheretsani kumva. N'chifukwa chake nthawi yabwino ndi pomwe akungotsegula, 9 koloko m'mawa, kapena masana magulu a sukulu atapita. Maola atatu ndi okwanira ngati simumvera matepi ambiri. Ngati mumvera, patulani theka la tsiku.

Kafikidwe kake n'kosavuta poyerekeza ndi malaibulale ena. Kuchokera pabwalo la ndege la Austin-Bergstrom, basi nambala 20 ya CapMetro imadutsa m'katikati mwa mzinda n'kufika kuyunivesite. Obwera pagalimoto ali ndi malo oimikapo aulere otchedwa Lot 38. Chimene chimasokoneza alendo ndi mpira. Bwalo lalikulu la timu ya yunivesite lili pafupi pomwepo, ndipo Loweruka lomwe timuyo ikusewera pakhomo, kuyambira kumapeto kwa Ogasiti mpaka Novembala, misewu imadzaza ndipo poimika galimoto pamasowa. M'mwezi wa Malichi, nthawi ya chikondwerero cha South by Southwest, mitengo ya malo ogona imakwera kwambiri. Kuyambira Juni mpaka Seputembala kumatentha kufika madigiri 35 ndi kupitirira, ndipo bwalo la miyala la kutsogolo kwa nyumbayo lilibe mthunzi. Pakhomo amasecha zikwama, ndipo chakudya ndi zakumwa sizilowa m'zipinda zowonetsera. Pa 27 Ogasiti, tsiku lobadwa a Johnson, kulowa n'kwaulere. Matikiti a akulu m'malaibulale onsewa amakhala pakati pa madola 10 ndi 30, ndipo ya Austin ili chapakati.

Famu ya a Johnson, komwe anabadwira ndi komwe anaikidwa atamwalira pa 22 Januwale 1973, ili pafupi ndi Stonewall, makilomita pafupifupi 100 kumadzulo kwa Austin. Imeneyo ili pansi pa National Park Service, nthambi ina yoyang'anira mapaki a boma, ndipo popanda galimoto simungafikeko. Nyumba yaikulu ya pafamupo inatsekedwa mu 2018 chifukwa cha zovuta za kamangidwe, choncho funsani kaye ngati akulowetsa anthu musanawononge mafuta.

Yachiwiri pamndandanda wanga ndi ya a Roosevelt ku Hyde Park. Kuchokera ku Grand Central mumzinda wa New York mumakwera sitima ya Metro-North yotsata mtsinje wa Hudson mpaka ku Poughkeepsie, ulendo wa maola pafupifupi awiri, kenaka takisi ya makilomita osakwana khumi. Zowonetsera zake zinakonzedwanso mu 2013, ndipo zinasiya kubisa. Muli zitsulo zomwe ankamanga kumiyendo atapuwala mu 1921, muli galimoto yawo ya Ford ya 1936 yoyendetsa ndi manja okha, komanso chipinda chomwe ankagwiriramo ntchito, chifukwa iyi ndi laibulale yokhayo yomwe mwini wake anaigwiritsa ntchito akadali pampando. Pambali pa ndondomeko ya penshoni ya Social Security ya 1935 ndi chitetezo cha ndalama za anthu m'mabanki, akuonetsaninso lamulo la pa 19 Febuluwale 1942 lomwe linatsekera m'misasa anthu pafupifupi 120,000 a mtundu wa Chijapani, ambiri mwa iwo nzika za America, ndiponso funso la Ayuda othawa Hitler omwe anabwezedwa. Pamitu yovutayi amaikapo zikalata ndi maganizo a akatswiri osagwirizana kuti muweruze nokha. Chosokoneza n'chakuti pamalo amodzi pali eni awiri: laibulale ndi ya National Archives, pamene nyumba yomwe a Roosevelt anabadwiramo ndi ya National Park Service ndipo mumalowamo ndi wokuperekezani pa nthawi yoikika. Mukafika pamalo olandirira alendo, tengani kaye nthawi ya nyumbayo, myuziyamu muionere mozungulira nthawi imeneyo. Mukachita mosemphana mupeza malo atha.

Ku Independence, Missouri, kunja pang'ono kwa Kansas City, kuli ya a Harry Truman, yomwe inatsegulidwanso mu 2021 itakonzedwa yonse. A Truman anangokhala wachiwiri kwa pulezidenti masiku 82 pomwe a Roosevelt anamwalira pa 12 Epulo 1945. Ndimawalemekeza chifukwa cha lamulo la pa 26 Julayi 1948 lothetsa tsankho m'gulu la asilikali, lomwe anasaina chisankho chili pafupi akudziwa kuti litayitsa mavoti kumwera. Pa nkhani ya Hiroshima ndi Nagasaki, myuziyamu yaika pafupi zinthu ziwiri zazing'ono: kachitsekerero ka chitetezo kochotsedwa pabomba la ku Nagasaki, ndi kambalame ka pepala kopindidwa ndi Sadako Sasaki, mtsikana wa ku Hiroshima yemwe anamwalira ndi khansa ya m'magazi. Manda a a Truman ndi akazi awo ali m'bwalo la mkati. M'nyumba yomweyi ndi momwe a Johnson anasainira Medicare pa 30 Julayi 1965, n'kupereka khadi yoyamba kwa a Truman, omwe anayesa kubweretsa inshuwalansi ya zaumoyo zaka 20 m'mbuyomo koma analephera. Nyumba yomwe a Truman ankakhala ili chapafupi pa North Delaware Street, amalowetsa anthu ochepa paulendo umodzi, ndipo matikiti ake amatha msanga.

Ya a Kennedy ku Boston ndiyo yokongola kuposa zonse. Anaijambula ndi I. M. Pei, inatsegulidwa mu 1979, ndipo ili m'mphepete mwa nyanja ku Columbia Point. Mumatsika sitima ya Red Line pa JFK/UMass. Koma nkhani yonse imayenda ndi mawu a a Kennedy eni ake, makamaka malankhulidwe awo otchuka, motero mumatuluka mutasangalala koma musanayesedwe maganizo. Masiku 13 a mizinga ya ku Cuba mu Okutobala 1962 afotokozedwa bwino. Kwa Mmalawi chokhudza mtima ndi Peace Corps, ndondomeko yotumiza anthu ongodzipereka a ku America kukagwira ntchito m'maiko ena, yomwe anaikhazikitsa pa 1 Malichi 1961 ndipo aphunzitsi ake oyamba anafika ku Nyasaland mu 1963. Wofuna za imfa yawo apite ku Sixth Floor Museum ku Dallas, chifukwa ku Boston nkhaniyo amaidutsa mwachidule.

A Jimmy Carter ndi nkhani ina. Myuziyamu yawo ku Atlanta ndi yaing'ono, maola awiri akwana, ndipo ikuonetsa masiku 13 a zokambirana za mtendere pakati pa Egypt ndi Israel ku Camp David mu 1978, mapangano a ngalande ya Panama, ndi masiku 444 omwe anthu 52 a ku America anagwidwa ku Iran. Mbali yamphamvu ndi ya zomwe anachita atachoka pampando. Carter Center, yomwe ili pamalo omwewo, inayamba kulimbana ndi nyongolotsi ya Guinea mu 1986 pomwe odwala ankayerekezedwa kukhala 3.5 miliyoni pachaka. Mu 2023 anapezeka 14 okha, popanda katemera kapena mankhwala, koma kusefa madzi ndi kuphunzitsa anthu m'midzi. A Carter anatsogoleranso oyang'anira chisankho cha Zambia cha 1991 chomwe a Kenneth Kaunda anagonja kwa a Frederick Chiluba, ndipo ali pampando mu 1977 anabwezeretsa chiletso chogula chrome ku Rhodesia ya Ian Smith. Anamwalira pa 29 Disembala 2024 ali ndi zaka 100, ndipo manda awo ali kwawo ku Plains, osati ku Atlanta. Dziwani kuti tikiti ndi ya myuziyamu yokha. Maofesi a Carter Center ndi malo a ntchito.

Ya a George W. Bush ku Dallas imandivuta kuiweruza. Palibe wa m'chigawo chathu chino angapeputse PEPFAR, ndondomeko ya 2003 yomwe inayamba ndi madola 15 biliyoni a zaka zisanu olimbana ndi Edzi, Zambia ndi Mozambique zili m'gulu la maiko oyamba, ndipo inadzathandiza kwambiri pa ntchito ya ma ARV m'Malawi momwe. Gawo limenelo likuyenera ulemu womwe lapatsidwa. Koma za nkhondo ya Iraq ndi mphepo ya Katrina zinakonzedwa moti mlendo amve kuti pulezidenti analibe njira zambiri. Kuyambira 2023 myuziyamuyi ikuyendetsedwa ndi bungwe la a Bush eni ake, boma linangotsala ndi zikalata. Tikiti yake ndi imodzi mwa zodula. Chomwe ambiri amakondwera nacho n'chakuti mu Oval Office yake amakulolani kukhala pampando n'kujambulitsa.

Okonda a Abraham Lincoln adziwe kuti myuziyamu ya ku Springfield, yotsegulidwa mu 2005, si ya dongosolo lino; ndi ya boma la chigawo cha Illinois. Ndi yodzaza ndi zidole ndi masewero a magetsi, yabwino kupita ndi ana. Kope la malankhulidwe a ku Gettysburg lolembedwa ndi dzanja lawo amalitulutsa mwa apo ndi apo poopa kuwala. Nyumba yawo, yomwe ili mtunda woyenda pansi, kulowa n'kwaulere.

Pali vuto limodzi lokhudza malaibulale onse a boma. Nyumba ya malamulo ikalephera kugwirizana za bajeti, ntchito za boma zimaima ndipo zitseko za ambiri mwa malaibulalewa zimatsekedwa. Zinachitika masiku 35 kuyambira Disembala 2018 mpaka Januwale 2019. Chaka cha ndalama za boma chimayamba pa 1 Okutobala, choncho ulendo wa kumayambiriro kwa mwezi umenewo uli pachiopsezo kuposa wina uliwonse. Khadi ya chaka yolowera m'mapaki a boma musaidalire pakhomo la laibulale, chifukwa ndi ya nthambi ina.

Kwa ambiri a ife ulendowu ndi wapatali, makamaka chiyambireni Ogasiti 2025 pomwe America inaika Malawi ndi Zambia pa ndondomeko yoti ofuna viza ya alendo azipereka chikole cha madola 5,000 mpaka 15,000. Apa ndi pomwe ya a Johnson imapambaniranso. Matepi onse otulutsidwa ali paintaneti mwaulere, patsamba la discoverlbj.org komanso pa la Miller Center ya Yunivesite ya Virginia. Poti ndi mawu okha, sadya bandulo ngati kanema. Musalembe mutu wa nkhani pofufuza, chifukwa patuluka matepi mazanamazana. Lembani dzina la amene ankalankhula nawo ndi tsiku, monga Russell ndi 27 Meyi 1964, tsiku lomwelo lomwe analankhulanso ndi a Bundy. Ambiri mwa mawuwo anajambulidwa pa malamba apulasitiki a makina a Dictaphone, ndiye pena amalumpha, pena amabwereza, pena mbali imodzi imamveka motsika. Chingerezi cha a Johnson n'cha kumudzi ku Texas, chothamanga ndi chodzaza ndi maina a aphungu. Valani mahedifoni, ndipo yambani ndi matepi omwe Miller Center yawalemba m'mawu kuti muziwerenga uku mukumva. Kumbukiraninso kuti sankajambula foni iliyonse. Ankasankha okha, ndipo iwo ankadziwa kuti makina akuzungulira pamene mnzawoyo sankadziwa.

Ophunzira mbiri ya kuno kwathu ali ndi chifukwa china. Ufulu wa Malawi pa 6 Julayi 1964, wa Zambia pa 24 Okutobala 1964, ndi kudzilengezera ufulu kwa Ian Smith pa 11 Novembala 1965, zonse zinachitika a Johnson ali pampando, ndipo America inathandiza nawo kunyamula mafuta pandege kupita ku Zambia njira ya kumwera itatsekeka. Zikalata zosankhidwa za nthawiyo zinasindikizidwa m'mabuku a boma a Foreign Relations of the United States; voliyumu 24 ya zaka za 1964 mpaka 1968 ndi ya Africa, ndipo ili yaulere pa history.state.gov. Yambirani pamenepo, chifukwa pansi pa chikalata chilichonse amalemba fayilo yomwe chinachokera. Mukatero lemberani imelo osunga zikalata ku Austin, mutchule dziko, zaka ndi nkhani yeniyeni, mufunse zomwe zili mu National Security File, gawo la Country File. Funso la chisawawa, monga zonse zokhudza Africa, limabweza yankho la chisawawa. Akhoza kukujambulirani masamba pamtengo, osafunika kupitako.

Opita okha kuchipinda cha ofufuza safunika kalata ya yunivesite. Pasipoti ndi yokwanira kuti akupatseni khadi ya wofufuza, koma lembani kaye kupempha tsiku kuti mabokosi akhale atawatulutsa. Chikwama, jekete ndi bolopeni zimatsala mulokala. Mkati mumalowa pensulo, kompyuta ndi foni yojambulira popanda kuthwanimitsa. Pathebulo pamakhala bokosi limodzi ndi foda imodzi, ndipo masamba musawasinthe ndondomeko. Nthawi zina m'malo mwa chikalata mupeza pepala longonena tsiku lake, amene analemba ndi kuchuluka kwa masamba: chimenecho chinachotsedwa chifukwa chikadali chachinsinsi. Lijambuleni pepalalo, chifukwa ndi lomwe mugwiritse ntchito popempha kuti achiunikenso n'kuchimasula. Pempholo aliyense angathe kulipereka atayamba wafunsa za kalembedwe kake kwa woyang'anira chipindacho, koma yankho limatenga miyezi, nthawi zina zaka, poti liyenera kudutsa kunthambi yomwe inalemba chikalatacho. Pa malaibulale a kuyambira a Reagan kupita m'tsogolo lamulo ndi lina, la 1978: zikalata ndi za boma, mumazipempha patatha zaka zisanu pulezidenti atachoka, zina zimatsekedwa mpaka zaka 12, ndipo mizere ya mapempho ndi yaitali kwambiri kuposa ya ku Austin, komwe mafayilo ambiri anaunikidwa kale ndipo amangofunika kuwatsitsa pashelefu.